Funsani za Galimoto: Zimphona Zomwa Mafuta Koma Zolephera Chitunda

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno achokera kwa eni ake a galimoto zikuluzikulu za mtundu wa Prado, Land Cruiser ndi Fortuner, ndipo madandaulo awo akufanana: mafuta sakukhalitsa m'thanki, komanso galimoto imene kale inkakwera phiri mosavuta tsopano ikuchita wefuwefu. Tasankhapo makalata anayi. Yoyamba taiyankha motalikirapo chifukwa muli pafupifupi zonse zimene enanso anafunsa.

FUNSO: Akonzi, ine ndine mlimi wa soya ndi fodya kuno ku Kasungu. Zaka zitatu zapitazo ndinagula Toyota Prado ya 2006 yochokera ku Japan, ya petulo, ya injini ya 2.7, yosintha yokha magiya. Popeza msewu wa kumunda umaipa kwambiri m'dzinja, ndinaikweza pang'ono, n'kuiveka matayala akuluakulu a m'matope a 285/70R17, bull bar yokhala ndi nyali ziwiri ndiponso kaliyala wa padenga. Tsopano thanki yodzaza imandiyendetsa makilomita 430 okha nyali ya mafuta n'kuyaka, ndipo ndikamapita ku Mzuzu, pa zitunda za ku Chikangawa maminibasi amandipitirira ngati ndaima. Chaka chatha itayamba kutentha, amakaniko anachotsa thermostat, nati chimenechi n'cha kumayiko ozizira. Mnzanga wina akundilimbikitsa kugula maginito omangirira pa paipi ya mafuta ndi timapiritsi toponya m'thanki. Ndichite chiyani kuti galimotoyi ichepetse kumwa ndiponso ibwezeretse mphamvu? — Bambo a ku Kasungu

YANKHO: Bambo, tiyambe ndi nambala mwatipatsayo, chifukwa muli kachinyengo mkati mwake, ndipo kachinyengoko kakuchokera ku matayala. Prado zambiri za mtundu umenewu zinatuluka kufakitale ndi matayala a 265/65R17, amene msinkhu wake kuchokera pansi kufika pamwamba ndi mamilimita pafupifupi 776, pamene anuwo ndi mamilimita pafupifupi 831. Mita ya makilomita imangowerenga kuti tayala lazungulira kangati, ndipo ikuwerengabe ngati kuti tayalalo ndi laling'ono lija. Choncho ikalemba makilomita 100, inu mumakhala mutayenda 107, ndipo 430 yanuyo kwenikweni ndi 460. N'chimodzimodzinso ndi liwiro: muvi ukaloza pa 100, galimoto ikuthamanga kuposa mmene inkathamangira kale muviwo uli pomwepo, nkhani imene apolisi a pamsewu okhala ndi kamera angakufotokozereni momveka bwino kuposa ife.

Nyali ya mafuta nayonso si muyezo wodalirika, pakuti thanki ya Prado zochokera ku Japan imalowa malita 87 koma nyaliyo imayaka mafuta ena akadalimo. Muyezo weniweni ndi uwu: dzazani thanki mpaka pampu idule yokha koyamba, bwezani mita yaing'ono pa ziro, yendani monga mwa masiku onse, kenaka mukadzazenso pa pampu yomweyo mpaka idule koyamba, osalola kuti azikugwedezerani galimoto kuti mulowe ena. Makilomita amene mwayenda muwagawe ndi malita amene alowa. Tiyerekeze kuti alowa malita 72: mukadalira mita yanu mupeza makilomita 6 pa lita, koma mukakonza cholakwika cha matayala chija mupeza 6.4. Chitani zimenezi pa mathanki atatu otsatizana ndipo muzilemba m'kabuku. Ife timayembekezera kuti Prado ya 2.7 yathanzi, yoyenda kwambiri mumsewu wa phula, izichita pakati pa makilomita 7 ndi 9 pa lita, kotero yanuyo ikumwadi mopitirira, ngakhale kuti sinafike pamene mumaganizira.

Matayala omwewo ndi amenenso akuberani mphamvu. Aliyense amene anapalasapo njinga ya magiya amadziwa chimene chimachitika munthu akayamba chitunda tcheni chili pa giya yolimba: miyendo ndi yomwe ija, koma njinga imakana. Tayala lalikulu limalimbitsa magiya onse a galimoto nthawi imodzi. Kuwonjezera apo, tayala la m'matope ndi lolemera, ndipo mano ake akuluakulu amapindika n'kutentha pa phula. Kulira kuja mumakumva ngati ndege mukafika pa 80 ndi mafuta amene akuthera m'mphira. Gearbox yanu ili ndi magiya anayi okha, ndiye pachitunda imangosinthasintha pakati pa yachitatu ndi yachinayi, oyilo wake n'kumatentha. Mukamva ikuchita zimenezi, itsitseni nokha pa 3 ndipo muisiye pomwepo mpaka mutamaliza chitundacho.

Koma chimene chatidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi thermostat. Chizolowezi chochotsa kachipangizo kameneka chafala m'magalaja ambiri, ndipo amene amachita zimenezi amalankhula motsimikiza kwambiri, koma akulakwitsa. Ntchito ya thermostat ndi kutsekera madzi mu injini mpaka atenthe kufika cha m'ma 82°C, kenaka n'kumawalola kupita ku redieta pang'onopang'ono kuti kutenthako kukhazikike. Ikachotsedwa, madzi amangozungulira osaimitsidwa, ndipo m'mamawa wa mwezi wa June, kapena potsetsereka ku Chikangawa kuli nkhungu, injini imayenda yozizira. Kompyuta ya galimoto ikaona kuti madzi ndi ozizira imathira petulo wochuluka, monga mmene choke inkachitira pa galimoto zakale, ndipo imachedwetsanso gearbox kulowa giya yomaliza. Petulo wotsalayo amatsuka oyilo m'makoma a masilinda, injini n'kumadyeka msanga. Mukafuna umboni, yang'anani muvi wa kutentha mutayenda makilomita khumi: uyenera kuima pafupi ndi pakati osasunthanso, koma wanuwo tikukhulupirira kuti umatsika mukamatsetsereka n'kukwera mukamakwera.

Choipa china n'chakuti chimene chinatenthetsa injini chaka chatha chikadalipo, changobisika. Pa galimoto yoyenda kumunda, kawirikawiri timapeza redieta itatsekeka ndi matope ouma komanso njere za udzu, makamaka pampata wa pakati pa redieta ndi chozizira cha AC, pamene munthu saonapo akangosuzumira kutsogolo. Nthawi zina fani imakhala itafooka moti injini ili yotentha imangozungulira mwaulesi, kapena chivindikiro cha redieta chasiya kugwira mpweya, kapenanso mkati mwadzaza dzimbiri chifukwa chothira madzi a pamjigo m'malo mwa coolant. Nyali ziwiri za pa bull bar zija nazonso zaima pakhomo penipeni polowera mphepo. Gulani thermostat yeniyeni, muibwezeretse, ndipo amakaniko afufuze zinthu zimenezi chimodzichimodzi.

Tibwere ku denga. Prado ndi yaitali kale pafupifupi mamita awiri, ndipo kutsogolo kwake kuli ngati khoma. Inu mwaikweza, mphepo yambiri ikudutsa kunsi kumene kuli zitsulo zosasalala, ndipo pamwamba mwaikapo kaliyala amene masiku ambiri amayenda wopanda kanthu. Mphamvu imene mphepo imakankhira galimoto m'mbuyo imakula mofulumira kuposa liwiro lenilenilo, moti pa 110 imaposa ya pa 90 ndi pafupifupi theka. Kuchokera ku Kasungu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130. Pa 110 osaima paliponse mungatenge mphindi 71, pa 90 mphindi 87. Mphindi 16 zimenezo ndi za papepala chabe, chifukwa pa Madisi, pa Mponela ndi pa Lumbadzi mumachepetsa liwiro ndithu, ndipo kubwezeretsa galimoto ya matani awiri pa 110 mukadutsa malo aliwonse otere kumafuna petulo wambiri kuposa kuibwezeretsa pa 90. Kaliyalayo mumutsitse, muzimukweza tsiku limene muli ndi katundu woyenera padenga. M'buti namonso muchotsemo matumba, makasu ndi zitsulo zimene zakhala zikuyenda nanu kuyambira nthawi yokolola.

Pali tinthu tina tating'onoting'ono timene pamodzi timatha mafuta ambiri. Alimi ambiri amaphwetsako matayala kuti adutse pamchenga kapena pamatope, zimene n'zoyenera, koma akafika pa phula amaiwala kupopanso. Khalani ndi geji yanuyanu, muziyeza m'mamawa matayala asanatenthe, ndipo poyambira pakhale nambala yolembedwa pa kapepala komata pamphuthu ya chitseko cha dalaivala. Mukayenda mtunda wautali osaponda buleki kwambiri, imani n'kuyandikiza dzanja pa limu iliyonse. Imene ikutentha kuposa zinzake ndiye kuti buleki yake ikugwira. Pa Prado zimenezi zimachitika kawirikawiri kumbuyo, kumene matope amalowa mu handbrake. Galimoto ikakwezedwa imafunikanso alayimenti yatsopano, ndipo matayala akutsogolo akamadyeka mbali imodzi ndiye kuti akukwekwerezeka m'malo mogudubuzika. Kumbukiraninso kuti Prado imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, kotero palibe choti muzimitse kuti ikoke ndi awiri. Chofunika ndi kuonetsetsa kuti diff lock yapakati, imene imamangiriza matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuti azizungulira limodzi, yamasuka mukangotuluka m'matope, nyali yake itazima.

Ku injini, fyuluta ya mpweya imatsekeka msanga ndi fumbi la August mpaka November. Pa injini ya kompyuta ngati yanuyi, fyuluta yotsekeka imachepetsa mphamvu kuposa mmene imawonjezerera kumwa, ndipo kuipopera mphepo yamphamvu ya kompuresa kumaboola pepala lake, fumbi n'kumalowa. Kuseri kwa fyulutayo kuli sensa yoyeza mpweya, ya timawaya tosalimba, imene iyenera kutsukidwa ndi mankhwala ake opopera, osaikhudza ndi nsalu. Mu ekisozi mulinso sensa ina imene ikakalamba imanamiza kompyuta kuti iwonjezere petulo. Mukatembenuza kiyi injini isanalire, nyali ya check engine iyenera kuyaka kenaka n'kuzima injini ikalira. Ngati siyaka n'komwe, mwina babu linapsa kapena wina analichotsa kuti abise vuto, ndipo muyenera kupita kumene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto.

Za maginito ndi mapiritsi, ndalama zanu zisungeni. Petulo sakokedwa ndi maginito, ndipo kukanakhala kuti kachitsulo kotchipa chotero kamapulumutsadi mafuta, makampani opanga galimoto, amene amawononga ndalama zankhaninkhani kufunafuna kapindu kakang'ono pa lita, akanakaika kalekale kufakitale. Anthu amene amachitira umboni zinthu zoterezi nthawi zambiri amakhala atayamba kuyendetsa mofatsa chifukwa akufuna kuona zotsatira, ndipo chimene chawathandiza ndi phazi lawo lomwe.

Tikuuzeninso chilungamo pa nkhani ya maminibasi aja. Injini yanu, yotchedwa 2TR-FE, ili ndi mphamvu ya akavalo pafupifupi 160 ikakhala m'mbali mwa nyanja ya mchere, ndipo ilibe turbo, chipangizo chopopera mpweya wowonjezera mu injini. Injini yotere imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake pa mamita 1,000 aliwonse okwera, chifukwa mpweya umapepuka. Chikangawa ili pamwamba kuposa mamita 1,500, choncho kumeneko mumakhala ndi akavalo osafika 140 okoka matani awiri ndi katundu. Ngakhale mutakonza zonse, sidzakhala galimoto yothamanga pachitunda. Chimene mungachite ndi kuibwezera zimene inali nazo: thermostat sabata ino, kaliyala pansi lero lomwe, ndipo matayalawo akatha mudzagule a 265/65R17 a mtundu wa all-terrain, amene amakwanitsa msewu wa kumunda popanda kukulangani pa phula.

FUNSO: Ndili ndi Land Cruiser 100 ya petulo, ya V8, imene anandisiyira malemu amuna anga. Ntchito yake yaikulu ndi kutenga adzukulu kusukulu kuno ku Blantyre, ndipo kamodzi pamwezi timapita kumudzi ku Chikwawa. Dalaivala wanga amailiza mphindi 15 m'mawa uliwonse kuti itenthe, ndipo kusukulu amadikira ana pafupifupi mphindi 40 injini ikulira chifukwa cha AC. Potsika phiri la ku Chikwawa amaika giya pa N (neutral), akuti akupulumutsa mafuta. Kodi akulondola? Ndalama ya petulo ikundipweteka, koma galimotoyi sindifuna kuigulitsa. — Mayi a ku Blantyre

YANKHO: Mayi, pepani ndi imfa ya bambo. Tiyambe ndi za phirizo chifukwa zikukhudza moyo wanu ndi wa adzukulu. Dalaivala wanu asiyiretu kutsika pa N, ndipo muwauze lero lomwe. Kuchokera ku Blantyre kufika m'chigwa cha Shire msewu umatsika mamita pafupifupi 900 mokhotakhota, ndipo galimoto yanu imalemera pafupifupi matani awiri ndi theka musanakweremo. Ikakhala m'giya yotsika, injini imaigwira, mabuleki n'kumangothandizira pamakona. Ikakhala pa N, ntchito yonse imagwera mabuleki, amene amatentha mpaka kununkha, ndipo mafuta ake akawira phazi limangolowa pansi popanda chogwira.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale mafuta amene akuti akupulumutsawo sakuwapulumutsa. Pa injini za kompyuta ngati 2UZ-FE ya 4.7 imene ili m'galimoto yanu, munthu akachotsa phazi pamoto galimoto ili m'giya ndipo ikutsetsereka, kompyuta imadula petulo, chifukwa matayala ndi amene akuzunguza injini. Pa N injini iyenera kudzizunguza yokha, choncho imamwabe. Nzeru ya dalaivala wanuyo inachokera ku malole akale, ndipo ngakhale kumeneko inapha anthu ambiri. Potsika aziika pa 3 kapena pa 2 malinga ndi kutsetsereka kwake, ndipo asayerekeze n'komwe kuzimitsa injini, pakuti chiwongolero chimalimba nthawi yomweyo.

Tsopano tiwerengere limodzi za kulira chiimire. Injini yaikulu ya petulo ngati imeneyi imamwa pafupifupi malita awiri pa ola ikungolira pamalo amodzi, ndipo AC ikayatsidwa imaposa pamenepo. Mphindi 15 za m'mawa ndi 40 za kusukulu ndi mphindi 55 pa tsiku, zimene pa masiku asanu zikupereka malita pafupifupi 9. Pa teremu ya masabata 13 ndi malita pafupifupi 120, pamene thanki yaikulu ya galimotoyi imalowa 96. Ndiye kuti teremu iliyonse mukugula thanki yathunthu ndi kuposerapo ya petulo amene sanakuyendetseni ngakhale mita imodzi. M'mawa injini imangofunika mphindi imodzi kapena yosakwana, kuti oyilo afike paliponse, kenaka galimoto iziyenda mofatsa makilomita oyamba. Imatentha msanga ikamayenda kusiyana ndi ikaima pabwalo. Kusukulu apeze mthunzi, atsegule mawindo, azimitse, n'kudzayatsa AC ana akatuluka.

Mumzinda mafuta amathera ponyamuka. Mumsewu wa Masauko Chipembere, kuchokera ku Blantyre kupita ku Limbe, dalaivala amene amaponda moto mwamphamvu pochoka pa roundabout iliyonse n'kukaponda buleki mwamphamvu pa yotsatira amafika nthawi imodzimodzi ndi mnzake amene amayang'ana patali n'kuchotsa phazi msanga, koma woyambayo amagula petulo ndi mabuleki kawirikawiri. Yang'ananinso pa dashboard ngati pakuyaka mawu akuti PWR. Batani limenelo limachedwetsa kusintha magiya ndipo ambiri amalidina mosadziwa n'kuyenda nalo miyezi. Maulendo afupiafupi a kumsika, kuchigayo ndi kubanki aziphatikizidwa kukhala ulendo umodzi, chifukwa injini yozizira imamwa kwambiri pa makilomita oyambirira.

Ngakhale zonsezi zitatsatidwa, V8 imeneyi mumzinda sikawirikawiri kupitirira makilomita 5 kapena 6 pa lita, ndipo aliyense wokulonjezani 10 akufuna kukugulitsani kanthu. Popeza simufuna kuigulitsa, ndipo chifukwa chake tikuchimvetsa, ganizirani zopeza kagalimoto kakang'ono ka ulendo wa kusukulu, Land Cruiser n'kuisungira ulendo wa kumudzi, kumene imagwiradi ntchito imene anaipangira. Dalaivalayo musamukalipire, popeza iye ankaona ngati akukuthandizani. Mugulireni kabuku kolembamo makilomita ndi malita, ndipo kumapeto kwa mwezi muziwerengera limodzi.

FUNSO: Ndimayendetsa Toyota Fortuner ya 2010 ya dizilo, 3.0 D-4D, pakati pa Karonga ndi Mzuzu. Nthawi imene mafuta ankasowa ndinagula dizilo wa m'zigubu kangapo. Kuyambira pamenepo, pokwera Chiweta imatulutsa utsi wakuda, ilibe mphamvu, ndipo m'mawa imagogoda kwambiri. Wina wandiuza kuti kuli kabokosi kotchedwa chip kamene kamawonjezera mphamvu n'kuchepetsa kumwa. Ndigule? — Dalaivala wa ku Karonga

YANKHO: Achimwene, musagule, makamaka panopa. Utsi wakuda ndi dizilo amene walowa mu injini koma sanapse yense, mwina chifukwa mpweya ukuchepa kapena chifukwa ma injector, timipopi tothira dizilo mu injini, akuthira molakwika. Timabokosi tambiri totchipa timanamiza kompyuta kuti ikweze mphamvu yopopera dizilo, kotero mukakaika pa injini yodwala kale, mukhala mukuwonjezera mafuta ndi kutentha pamene zilipo kale zochuluka. Injini yanu ya 1KD-FTV, imene ilinso mu Hilux ndi Prado, ndi yolimba, koma imadziwika kuti ma injector ake akaonongeka kapena ikatenthetsedwa mopitirira, pisitoni imatha kung'aluka, ndipo chitunda chachitali ngati Chiweta ndi malo enieni ochitikira zoterozo.

Dizilo wa m'zigubu ndi amene tikumukayikira poyamba. Injini za mtundu umenewu zimapopa dizilo pa mphamvu yoposa 1,300 bar kudzera m'timabowo tochepa ngati tsitsi, ndipo pampu ndi ma injector amadalira dizilo yemweyo kuti aziterera. Parafini, amene mavenda ena amasakanizamo, alibe kuterera kumeneko, pamene madzi ndi tizinyalala ta m'chigubu timakanda zitsulo ndi kuzichititsa dzimbiri. Yambani ndi zotchipa. Sinthani fyuluta ya dizilo, ndipo zimene zili m'munsi mwake muzikhuthulire m'botolo loonekera. Likakhala kanthawi, madzi amakhazikika pansi mooneka bwino. Sinthaninso fyuluta ya mpweya. Kenaka tsatirani mapaipi onse ochokera ku turbo kupita ku intercooler (choziziritsa mpweya) mpaka ku injini, mukuyang'ana pamene panyowa ndi oyilo wakuda kapena pamene pakumveka kakhweru mukaponda moto, chifukwa paipi yong'ambika imataya mpweya umene turbo yapopa ndipo zizindikiro zake n'zomwezi, utsi ndi ulesi. Galimoto ya zaka zimenezi imakhalanso itadzaza mwaye wosakanikirana ndi oyilo mu valavu ya EGR, imene imabwezera utsi wina mu injini, ndi m'njira yolowera mpweya, mwina mpaka njirayo kuchepa moonekeratu, ndipo kutsuka kokha kumabweza mphamvu yambiri.

Kugogoda kwa m'mawa n'kumene kukuloza ku ma injector. Amenewa asamasulidwe mongoganizira. Makina owerengera kompyuta amaonetsa mmene injector iliyonse ikuwonjezera kapena kuchepetsa dizilo poyerekeza ndi zinzake, ndipo muyeso umenewu uchitike injini ili yozizira komanso itatentha. Ngati atulutsidwa, mawashala okhalira pansi pake aikidwe atsopano nthawi zonse. Washala wotayikira amalola utsi kulowa mu oyilo, oyiloyo n'kuundana ngati phula mpaka kutseka sefa ya pansi pa injini imene pampu ya oyilo imakokerapo, ndipo injini zambiri za mtundu umenewu zafa ndi njala ya oyilo mwa njira imeneyi. Pemphani amakaniko asuzumire sefayo pamene akhuthula oyilo. Ma injector atsopano ali ndi manambala awo amene ayenera kulowetsedwa mu kompyuta ya galimoto, apo ayi kugogoda sikutha.

Podikira kukonza, pokwera Chiweta musaikakamize m'giya yaikulu phazi lili pansi. Tsitsani giya kuti injini izizungulira maulendo a pakati pa 2,000 ndi 2,500 pa mphindi, ndipo muziyang'ana pagalasi. Utsi ukayamba, pepukitsani phazi, chifukwa dizilo wowonjezerayo akungosanduka mwaye. Mukaima mutangomaliza chitunda, isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri kuti turbo izizire musanazimitse. Apa pokha m'pamene kulira chiimire kuli ndi phindu.

FUNSO: Kodi n'zoona kuti petulo wa kuno ku Malawi amatha msanga chifukwa amamusakaniza ndi ethanol? Ndili ndi Mitsubishi Pajero ya V6 imene imakhala nthawi yaitali osayenda ine ndikakhala kuntchito ku Johannesburg. — Bambo a ku Mangochi

YANKHO: Bambo, n'zoona, koma kusiyana kwake n'kochepa kuposa mmene anthu amakambira m'mizere ya mafuta. Dziko la Malawi linayamba kusakaniza ethanol mu petulo mu 1982, ndipo ethanol ameneyu amapangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi lita ya petulo, choncho petulo amene gawo limodzi mwa magawo khumi ndi ethanol amakuchotserani makilomita pafupifupi atatu pa 100 aliwonse, ndipo wosakaniza kwambiri amachotsa ochulukirapo molingana. Ngati Pajero yanu yatsika kuchoka pa makilomita 8 pa lita kufika pa 6, cholakwa mukachifune kwina. Ngati ili ndi ndodo ya Super Select yosankhira matayala okoka, onetsetsani kuti pa phula louma ili pa 2H kuti izikoka ndi matayala awiri okha, mwayi umene eni Prado alibe.

Chimene chikukukhudzani kwambiri inu ndi kuima kwa galimotoyo. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo m'thanki yotsala pang'ono kutha, imene yaima miyezi ingapo kumalo otentha ndi achinyontho ngati kunyanja, madzi amatha kudzikundikira pansi n'kuyambitsa dzimbiri pa pampu ya petulo. Mukamanyamuka, isiyeni thanki ili yodzaza ndi chivindikiro chotseka bwino, mupope matayala mokwanira, ndipo munthu wodalirika aziiyendetsa makilomita 15 kapena 20 pakatha masabata awiri alionse mpaka injini itenthe bwinobwino, m'malo mongoiliza mphindi zisanu pabwalo.